Funsani Alangizi: Timbozi tandithera kabichi kudimba

FUNSO: Alangizi, ine ndili ndi dimba kufupi ndi Lizulu, ndimalima kabichi ndi repu chaka chonse koma ulendo uno timbozi tobiriwira tandisowetsa mtendere, masamba angoti mabowo okhaokha ngati sefa. Ndapopera cypermethrin kanayi, komalizaku ndinachita kuwonjezera mlingo koma ayi ndithu tidakalipo. Kodi anandigulitsa mankhwala achinyengo?
Mlimi, Ntcheu

YANKHO: Bambo, musathamangire kukakalipira wogulitsa, mankhwalawo atha kukhala enieni. Tembenuzani tsamba mukhudze kambozi kamodzi. Kakaphiriphitha chobwerera m'mbuyo kenako n'kulendewera pa kaulusi ngati kangaude, dziwani kuti ndi diamondback moth. Make ndi kagulugufe kotuwa kosapitirira sentimita imodzi, kamauluka chakumadzulo, kamodzi kokha kamaikira mazira oposa 100 ndipo kukatentha ngati mu Okutobala pakangotha masabata awiri kapena atatu anawo nawonso ayamba kuikira. Mvula yamphamvu imatikokolola timboziti, n'chifukwa chake timavuta kwambiri m'chilimwe.

Ndiye kachilomboka n'kankhutukumve, sikachedwa kuzolowera mankhwala. Mu 1953 ku Java, Indonesia, anapeza kuti ngakhale DDT amene, mankhwala amphamvu ophera tizilombo, sakukapha. Mukawonjezera mlingo amene akufa ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timaikira mazira m'thupi mwa mbozizo, alonda anu aulere amenewo, ndalama zikupita, poizoniyo akudya ndi makasitomala anu pa Lizulu.

Koma pamene pandigwira mtima m'kalata yanu ndi pa "chaka chonse" paja. Kabichi, repu, mpiru, tchainizi, zonsezi ndi banja limodzi, ndiye mukakolola uku nazale ili kale apo, zitsa zakale zikuphukira pambali, kagulugufeko kasamukirenji? Zulani zitsazo mukwirire, bedi limenelo mubzalemo anyezi, nyemba kapena tomato kaye, ndipo nazale ikhale patali ndi kabichi wamkulu.

Pa zopopera funsani mankhwala a Bt (opangidwa kuchokera ku bakiteriya), amapha mbozi zokha koma zikadali zazing'ono, ndipo dzuwa limawafoola ndiye muzipopera madzulo, kunsi kwa masamba komwe zimabisala osati kungowaza pamwamba. Madzi a njere za nimu zosinja nawonso amathandiza. Mankhwala ena a kusitolo muzisinthasintha mtundu, ndikunena mankhwala ali m'katimo osati dzina la pabotolo, ndipo masiku odikira musanakolole olembedwa pa lebulo paja muziwasunga chonde. Pothirira ndi keni madzulo madzi azigwera pamasamba penipeni, timagulugufeto timalephera kukwerana ndi kuikira bwino.