Amayi akakuimbirani muli pa chiwongolero

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amayendetsa galimoto ya kampani pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Akuti mayi ake akamuimbira foni iye ali pamsewu osayankha, amakwiya, amati wayamba matama chipezereni ntchito m'tauni. Abwana akenso amafuna kuti foni ikangoitana kawiri akhale atayankha. Ndiye akufunsa kuti, "Ndichite bwanji kuti ndisaoneke wamwano? Nanga lamulo limalola kuyankha ngati galimoto ikuyenda pang'onopang'ono?"

Achimwene, imelo yanuyi ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Nkhaniyi ine ndimaidziwira mbali inayo. Ine ndinali woimbayo.

Papita zaka zingapo azakhali athu anatisiya, kumudzi kwathu ku Balaka. Ine ndinatsogola m'mamawa pa minibasi. Alongo anga aakulu anatsala ku Lilongwe kuti agule bokosi ndi zina zofunika pamaliro, ndipo ananyamuka pa kapikapu kawo dzuwa litapendeka. Amene anakhalapo pa siwa akudziwa momwe zimakhalira: aliyense amafunsa iwe wa m'tauni. Amalume anandiitana kawiri konse. "Kodi bokosili lifika liti? Nanga shuga ndi mchere wakumbukira mnzakoyo? Tamufunsa." Ndinagwada, ndinati chabwino amalume, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kumene netiweki imagwira.

Ndinaimba, osayankha. Ndinaimbanso, osayankha. Mtima unayamba kundiwawa, osati chifukwa choopa kuti agwa m'ngozi ayi, koma chifukwa ndinkaona ngati akundinyoza pamaso pa akuluakulu. Ndinalemba meseji: "Bwanji simukuyankha? Amalume akudikira." Ndinaimbanso. Pambuyo pake nditayang'ana mu foni ndinapeza kuti ndinaimba kasanu ndi kawiri m'mphindi 10 zokha. Kachisanu ndi chitatu anayankha. Anangoti, "Ndili pa Lizulu, ndi..." Kenako ndinamva kulira kwa matayala, ndi chinthu chikuti gu! Foni sinaduke. Inagwera pansi pa mpando ili yotsegula, ndipo ine nditaima kuseri kwa nkhokwe ija ndinkamva zonse: chitseko chikutseguka, mapazi akuthamanga, mayi wina akukuwa kuti, "Wagunda munthu! Wagunda munthu!" Ndinkaitana dzina la alongo anga, koma panalibe wondimva. Mayunitsi anatha ndikumvetserabe.

Amene anagundidwayo anali bambo wa panjinga yakapalasa, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere kuchokera kumsika. Mulungu anachita chifundo, sanamwalire. Koma mwendo unathyoka pawiri, ndipo mpaka lero amayenda motsimphina, njinga sangapalasenso ndi katundu. Maliro atatha tinapita kukawaona kuchipatala. Akazi awo anali atayala chitenje pansi pambali pa bedi, ali ndi kabakuli ka nsima yozizira. Atationa anadzuka, n'kugwada, n'kutifunsa kuti, "Mwayenda bwanji?" Anatipepesanso za maliro athu. Ine ndinatuluka panja kukalira. Ndikanakonda akanatitukwana.

Ndipo funso limene ndinkaimbira lija linali la shuga ndi mchere. Anali atagula kale. Zinali kumbuyo kwa kapikapu, pambali pa bokosi.

Alongo anga sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Amati dzanja limene linatola foni linali lawo, ndipo akunena zoona. Mlandu anaunyamula okha, ndalama zothandizira banja lija tinasonkherana. Komabe ine ndikudziwa chimene ndinachita. Munthu amene wanyamula bokosi la azakhali ake, foni ikaitana kasanu ndi kawiri kuchokera kumudzi, amaganiza chiyani? Amaganiza kuti kwagwanso zina. Ndinamukakamiza kuyankha monga momwe munthu amakankhira mnzake m'madzi.

Ndaganizira kwambiri za chimene chinandipsetsa mtima tsiku lija, ndipo ndikuona kuti ndi chomwecho chikuwapsetsa mtima mayi anu. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akaitana, umavomera pomwepo, "Wawa!", n'kusiya chilichonse, kuthamanga, kukagwada. Mwana woitanidwa kawiri ndi wosamva. Khalidwe limeneli ndi labwino ndipo ine ndikulera nalo ana anga. Koma taganizani: pabwalo la kumudzi, wamkulu woitanayo ali ndi maso. Akaona kuti mwana wanyamula mphika wa phala lotentha, amadikira autule kaye. Palibe gogo amene anganene kuti mwana wamunyoza chifukwa sanagwade ali ndi mphika wowira m'manja. Foni ilibe maso. Tinatenga mwambo wa kuitana n'kuulowetsa mu foni, koma maso aja tinawasiya pabwalo. Mayi anu akamaimba, m'maganizo mwawo akukuonani mutakhala pansi, foni ili patebulo, inu mukuiyang'ana n'kuinyalanyaza. Sakuona lole ya simenti imene mukuidutsa pa mtsetse wa ku Dedza.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa anthu ambiri amati "ndangoyang'ana pang'ono". Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuwerenga meseji kwa masekondi 5 ndi mamita 110. Ndiye kuti mwadutsa bwalo lonse la mpira, kuchokera pagolo kukafika pagolo linalo, maso ali pa foni. Tsono liikeni bwalo limenelo pa Lizulu, pa Tsangano, pa Lunzu tsiku la msika, pamene mbuzi, ana, akabaza ndi amayi a madengu a tomato ali m'mphepete mwenimweni mwa tala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti dalaivala wogwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakugwiritsa ntchito. Limanenanso kuti kulankhula foni osaigwira m'manja sikuchepetsa chiopsezocho kwenikweni. Izi ndimazikhulupirira, chifukwa chimene chimachoka pamsewu si dzanja lokha, ndi mutu. Amalume akamakukalipira m'khutu, maso amakhala akuyang'ana kutsogolo koma iwe uli kumudzi. Pawiripawiri sipauzirika.

Mayi anu ndikuwamvetsa, ndipo ndikuwakhululukira. Mwina sanagwirepo chiwongolero. Koma abwana anuwo ayi, ndipo apa ndilankhula mosabisa. Munthu amene wakutumani yekha, wakupatsani makiyi ndi manja ake, akudziwa kuti ulendo wa makilomita opitirira 300 umatenga maola angapo, ndiye n'kumakuimbirani muli pakati pa msewu kufunsa kuti "mwafika pati", munthu ameneyo sakufuna ulemu. Akufuna kumva kuti ndi bwana. Ndipo tsiku limene mudzagunde munthu, iye sadzalowa m'chitokosi. Adzafunsa kaye za galimoto. Ndakhala ndikumva mabwana akudandaula kuti madalaivala ndi osasamala, pomwe iwo omwe ndi amene amaimba mphindi 20 zilizonse. Zimandinyansa.

Ifenso okwera tili ndi mlandu wathu. Mu minibasi, kondakitala akachedwetsa chenji cha K200 basi yonse imadzuka, mpaka agogo a kumbuyo amalowererapo. Koma dalaivala akapanikiza foni pakati pa phewa ndi khutu, dzanja limodzi pa giya, akukangana ndi mwini galimoto za ndalama ya tsikulo, tonse timangoti zii, kumayang'ana pawindo. Timaopa kutchedwa ovuta. Ine masiku ano ndimalankhula: "Adalaivala, chonde, tili ndi ana muno." Ena amanditukwana, ena amadula foniyo. Nthawi zambiri pamapezeka wina amene amati "akunena zoona mayiwa", kusonyeza kuti naye zinkamuwawa koma ankadikira woyambitsa. Anyamata a njinga zamoto nawonso atulukira nzeru yolowetsa foni m'chipewa chawo cholimba chija, n'kumacheza uku akupinda pakati pa magalimoto m'tauni, wokwera atakhala kumbuyo alibe chipewa n'komwe.

Popeza ndayamba, lekani ndinene ndi zinazi, chifukwa zonse zikuchokera pa muzu umodzi, woganiza kuti foni ili m'manja mwanga ndiye kuti nthawi ya mnzanga ndi yanga. Pali oflasha kakhumi, amene amafuna uwaimbire iweyo pa nkhani yawo yomwe. Kuflasha pakokha sindikudana nako, tonse mayunitsi amatithera, koma kamodzi n'kokwanira. Pali olemba pa WhatsApp kuti "Moni" basi, n'kudikira, iwe uyankhe, iwo ati "Muli bwanji", udikirenso, nkhani yeniyeni n'kudzatuluka mawa. Malonje ndi abwino, koma aikeni pamodzi ndi chimene mwadzera mu uthenga umodzi. Pali otumiza voice note ya mphindi 6 kwa munthu amene ali mu ofesi kapena mu tchalitchi. Ndipo oipitsitsa, amene sindidzawamvetsa mpaka kufa, ndi aja amafika pamalo a ngozi n'kuyamba kujambula. Munthu ali gone pa tala, iwo akusaka poimira pabwino kuti chithunzi chituluke. Pasanathe theka la ola chili m'magulu onse, nambala ya galimoto ikuoneka, nsapato ikuoneka, ndipo mayi wina akudziwa za imfa ya mwana wake kudzera pa status ya munthu wachilendo. Kale uthenga wa zovuta unkatumidwa ndi anthu osankhidwa, ankafika, kukhala pansi, kuyamba ndi mawu ofewa akuti "odwala aja zavuta". Ulemu weniweni unali umenewo. Lero tikulimbana ndi mnyamata woti sanayankhe foni ali pamsewu, koma wojambula mtembo sitimudzudzula.

Za lamulo

Kuno kwathu kuyendetsa galimoto uku ukugwiritsa ntchito foni ya m'manja ndi mlandu, ndipo apolisi apamsewu akakuonani amakulipiritsani chindapusa. Zoti galimoto ikuyenda pang'onopang'ono si chodzitetezera. Matayala akamazungulira, mukuyendetsa. Ndipotu malo amene mumayenda pang'onopang'onowo, pamsika ndi pamdipiti, ndi pamene pali anthu oyenda pansi ochuluka.

Abale athu amene ali kunja akhoza kukuuzani kuti kwina zinthu n'zokhwima kuposa pano. Ku Britain analetsa kugwira foni poyendetsa mu 2003. Kuyambira 2017 chilango ndi mapaundi 200 ndi mapointi 6 osonyeza kulakwa amene amalembedwa pa laisensi, moti amene sanathe zaka 2 chipezereni laisensi amalandidwa pa kulakwa kamodzi kokha. Mu 2022 anakulitsanso lamulolo kuti likhudze ngakhale kujambula chithunzi kapena kusaka nyimbo, ndipo limagwira ntchito ngakhale utaima pa maloboti. Ku Cape Town, kumene a kwathu ambiri akugwira ntchito, apolisi a mzindawo anayamba kulanda foni yeniyeniyo mu 2012. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanabweretsa zolanda fonizi kuno mawa lomwe, chifukwa chindapusa munthu amalipira n'kuiwala, koma kugona usiku umodzi wopanda foni amakumbukira.

Koma kunena zoona, pa Lizulu tsiku lija panalibe wapolisi, ndipo ngakhale akanakhalapo sakanandigwira ine, amene ndinali kuseri kwa nkhokwe ku Balaka. Palibe lamulo limene limafika kwa woimba. N'chifukwa chake ine ndinadziikira langa. Ndikaimbira munthu amene ndikudziwa kuti ali ndi galimoto, mawu anga oyamba pambuyo pa moni ndi akuti, "Mukuyendetsa?" Akati eya, ndimadula, ngakhale atati "lankhulani, palibe vuto". Ena amakhumudwa. Akapanda kuyankha, ndimaimba kamodzi, n'kulemba chimene ndikufuna, n'kuisiya foniyo.

Tsono inu achimwene, chitani izi. Muziwaimbira amayi musananyamuke, inuyo muziyamba, muwauze kuti mukulowa mumsewu ndipo mudzawaimbira mukaima pa Ntcheu kapena pa Zalewa, ndipo mukafikadi pamenepo muziimba. Foni muziitsekera m'kabokosi ka kutsogolo kaja, itazimitsidwa kulira. Abwana alembereni imelo yaulemu, yaifupi, yonena malo amene muziima ndi kuwaimbira, kuti zikhale zolembedwa. Mukaiwala kuzimitsa kulira kwa foni, ndipo ikaitana mobwerezabwereza mpaka mtima kukugundani, pezani malo abwino, mupatuke, muzimitse injini, muimbe.

Ndipo mukapita kumudzi ulendo wotsatira, musakangane nawo amayi pa foni za nkhaniyi. Khalani nawo pansi pakhonde, muwafunse ngati anakuitananipo muli mwana mutanyamula mphika wotentha, n'kuyembekeza kuti mugwade. Akafuna, awerengereni za bambo wa pa Lizulu uja. Kenako mundilemberenso, ndikufuna kumva zimene akayankhe.