Zovala za ma character anga zikuuma ngati katoni, nditani?

Mwa ma email a sabata ino muli ina yochokera kwa mtsikana wina amene wangoyamba kujambula anime (makatuni a ku Japan) pa foni, akugwiritsa ntchito app yojambulira ya ibisPaint. Akuti nkhope ndi tsitsi zikumutheka, koma akafika pa zovala zimangouma ngati katoni, ndiye akati awonjezere makwinya zimaoneka ngati malaya otulutsidwa mu belo la kaunjika. Watumizanso zithunzi zitatu.

Achemwali, zithunzi zanu ndaziona ndipo dzanja muli nalo, musataye mtima. Vuto ndaliona pompo: mukumayamba ndi chovala thupi musanalijambule. Pa chithunzi chachiwiri chija mkono wa juzi wapindika malo amene chigongono sichingakhalepo, chifukwa mkati mwake mulibe munthu. Yambani thupi kaye, ngakhale ndi mizere yopepuka pa layer yake, mapewa, chifuwa, chiuno, mawondo, kenako muchepetse opacity kuti mizereyo izioneka mozimiririka n'kumuveka munthuyo pa layer ina pamwamba. Musiyenso kampata pakati pa khungu ndi nsalu, chifukwa juzi ili ndi kunenepa kwake, siimata pathupi ngati penti.

Tsopano nkhani ya makwinya, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Khwinya silibwera lokha ayi, limachokera pamene nsalu yagwidwa kapena yakokedwa. Ndisanalembe mzere uliwonse ndimadzifunsa kuti kodi nsaluyi yakoleka pati? T-shirt imakoleka pamapewa n'kugwa pansi. Munthu akakweza mkono, mizere imayambira kukhwapa kupita kumene nsalu ikukokedwa. Akapinda chigongono, kunja kwake nsalu imakungika n'kusalala, mkati ndi mmene imaunjikana, chimodzimodzi thalauza kuseri kwa bondo. Batani lothina limatulutsa timizere tobalalika kuchokera pabatanipo. Malo ena onsewo asiyeni oyera, ndithu, musaope malo opanda kanthu.

Yesani izi lero lomwe. Tengani chitenje, mukoleke pa msomali umodzi, muone mmene mizere yonse ikutsikira kuchokera pamsomalipo ngati michira. Kenako muchigwire malo awiri ndi mapegi pachingwe, muona pakati pakugwa mizere yokhota ngati U. Ine ndinakhala madzulo ambiri ndikujambula shati yoyera itapachikidwa pampando pafupi ndi windo, dzuwa likamapendeka mthunzi umalowa mkati mwa khwinya lililonse ndipo mumaona bwinobwino kuti lakuya ndi liti, losafunika ndi liti. Mukatero muyerekeze ndi jekete ya jinzi: nsalu yokhuthala imapanga makwinya ochepa, akuluakulu, a makona, pomwe yopyapyala imapanga ambiri ang'onoang'ono ofewa.

Chifukwa chake anime ili ndi mizere yochepa n'choti ojambula amabwereza munthu yemweyo kambirimbiri, nthawi zambiri zithunzi 8 kapena 12 pa sekondi imodzi, ndiye sangalimbane ndi makwinya 30 pa shati imodzi. Amasankha atatu anayi amene akuonetsa kumene thupi lapita, zotsalazo amamalizira ndi mthunzi. Mthunziwo ndi uja amati cel shading, mtundu umodzi wa nsalu ndi wina woderako pang'ono, m'mphepete mwake mwakuthwa osapakapaka. Pa chithunzi chanu chachitatu mutafufuta theka la mizere ija n'kuika mthunzi pansi pa kolala ndi kukhwapa, chisintha kwambiri.

Munafunsanso za yunifolomu ya atsikana a sukulu ija. Dzina lake ndi sailor fuku, inayamba kuvalidwa m'masukulu a ku Japan cha m'ma 1920 potengera zovala za asilikali apamadzi. Kolala yake kutsogolo imatsika ngati V, kumbuyo ndi yafulati ya makona anayi, ndipo imagona pamapewa, ndiye iyenera kukhota motsatira phewa, isaime yokha. Siketi ya ma pleats, yopindapinda ija, musayambe ndi mizere yotsika. Jambulani kaye mzere wa m'chiuno ndi wa kunsi ngati mikombero iwiri, kunsiko mupange zigizagi, kenako mulumikize ngodya iliyonse kupita m'chiuno. Ma pleats amapanikizana m'chiuno n'kumatseguka akamatsika, ndipo a m'mbali amaoneka opyapyala kuposa a pakati poti siketi ikuzungulira thupi.

Chimodzi chokha ndikupempheni musadzalakwitse mukadzafika pa kimono kapena yukata, zovala zachikhalidwe za ku Japan. Mbali ya kumanzere kwa wovalayo ndi imene imakhala pamwamba, moti inu mukamuyang'ana kolala imaoneka ngati y wamng'ono. Kutembenuza kwake ndi mmene amavekera maliro ku Japan, ndipo anthu akumeneko amaona msanga. Zimachitika mosavuta mukapanga flip canvas, kutembenuza chithunzi ngati pagalasi, kuti muone zolakwika n'kuiwala kubweza, ndiye musanapange save muziyang'ana kolalayo kaye. Manja a kimono ndi nsalu ya makona anayi yolendewera, obi ndi lamba wolimba wotakata, sakwinyika ngati nsalu wamba.

Jambulaninso mtsikana wa juzi uja, thupi kaye, makwinya asapitirire asanu, munditumizire ndidzaone.