Ram ya autopilot si yomangirira pa pulayiwudi, achimwene

Achimwene, imani kaye, musamupatse ndalama mmisiri amene akufuna kukuikirani autopilot, makina owongolera boti okha, pa boti lanulo. Ndangofika pamene mwalemba kuti akufuna kukhazika phazi la ram (mkono wa autopilot umene umakankha tsigiro) pa shelefu ya mu lazarette (kachipinda kosungiramo zinthu kumbuyo kwa boti) n'kuboola quadrant (chitsulo chimene zingwe za chiwongolero zimakoka potembenuza tsigiro) kuti alumikize pomwepo, thupi langa lonse lachita tsembwe. Zimenezo ndi zimene anatichita ife, ndendende, ndipo tinatsala pang'ono kusiya mafupa ku Wild Coast, gombe la ku South Africa la pakati pa Durban ndi East London.

Boti lake linali la mafiti 38, tinali atatu, skipper (woyendetsa boti), mwini boti ndi ine, tikulichotsa ku Durban kupita nalo ku Cape Town. Zida za autopilot mwini boti anagula zatsopano, zabwinobwino, vuto silinali zida ayi. Vuto linali munthu amene anamupeza padoko pompo, wapakamwa potsekemera, amene anamaliza ntchito yonse tsiku limodzi ndi theka. Ine ndinalowa mu lazarette kukasunga ma fender otetezera boti likamakhudza doko, ndinaona phazi la ram litangokhala pa pulayiwudi, masikuluwu anayi basi, popanda bawuti yodutsa, popanda chitsulo kuseri. Ndinamufunsa mmisiriyo mwaulemu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati ntchito yanga ndi kutsuka deck, iye anayamba zimenezi ine ndisanaponde ku Joni. Mukudziwa nonse mmene amatiyankhulira akangomva kuti ndiwe Mmalawi. Ndinatseka pakamwa, ndipo kutseka pakamwa kumeneko kumandiwawa mpaka lero.

Amene munadutsako mukudziwa, kuchoka ku Durban kufika ku East London ndi mamayilosi apanyanja pafupifupi 250 ndipo pakati ponsepo palibe doko lothawirako. Tsiku loyamba zinali bwino, mphepo kumbuyo, madzi othamanga a m'nyanja ya kumeneko otchedwa Agulhas akutikankha, autopilot ikugwira ngati munthu. Usiku wachiwiri, titadutsa Port St Johns, southwester, mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, inabwera msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, mwera ndimaudziwa, koma mphepo ikamalimbana ndi madzi othamanga a Agulhas mafunde ake amaima chilili ngati khoma. Tinachepetsa matanga, skipper anati tilowere kumtunda, tichoke pamzere umene nyanja imazama mamita 200, pamene madzi amathamanga kwambiri. Cha m'ma 2 koloko usiku ndili pa watch, nthawi yanga yolondera, ndinamva phokoso pansi pa mapazi anga, gu! kenako kukhadzuka kwa thabwa. Boti linapotokera kumphepo lokha, jib, thanga lakutsogolo, inadzaza mbali yolakwika, tinagona cham'mbali, funde linalowa mu cockpit, pamene timakhala powongolera, mpaka m'chiuno. Ndinadina standby, batani lomasula autopilot kuti uwongolere pamanja. Ndinagwira chiwongolero, gwa! Sichikutembenuka. Ndinakoka ndi manja onse awiri, skipper anabwera tinakoka awiri, chinangosuntha pang'ono mbali imodzi n'kuima. Mwini boti akufuula kuti tiike emergency tiller, ndodo yapadera yowongolera tsigiro zingwe zikaduka, koma ithandiza chiyani pamene tsigiro lenilenilo ndi limene lagwidwa, osati zingwe za chiwongolero?

Wochepa thupi ndinali ine, ndiye wolowa mu lazarette ndinali ine. Mutu pansi, miyendo kunja skipper ataigwira, tochi pamphumi, fungo la dizilo ndi madzi a m'bilge, pansi penipeni pa boti, ndinasanza kawiri ndili chozondoka chomwecho. Zimene ndinaona sindidzaiwala. Phazi la ram linali litazuka pamodzi ndi chibenthu cha shelefu, ram yonse itafupika mpaka kumapeto n'kupanikizika pakati pa quadrant ndi bulkhead, khoma la m'kati mwa boti, ngati mphanda yochirikiza nthochi. Standby imangomasula clutch, singachotse chitsulo chimene chatsekereza njira. Funde lililonse likamenya tsigiro, quadrant inkagwedezeka n'kuluma, ndipo dzanja langa linayenera kulowa pomwepo. Polumikizira ram ku quadrant, pamene panayenera kukhala pini ya R-clip yoti ungosolola, bambo uja anaika bawuti ndi nati ya nyloc yolimba pomasula, nati yake pansi, posafika maso. Masipanala a 19 awiri, imodzi inagwera m'madzi akuda aja, ndinaifufuza ndi zala. Ndikatembenuza pang'ono, boti ligwe pafunde, mutu ugunde faiba, ndiyambirenso. Skipper akuti zinatenga mphindi 40, kwa ine unali usiku wonse. Nati itachoka bawuti inakanirira chifukwa cha kupanikizika, ndinachita kuimenya ndi hamala, ndipo itangotuluka quadrant inabwerera ndi mphamvu n'kundiphwanya zala ziwiri zakumanzere. Chala chapakati sichipindika bwino mpaka pano. Ndinkangoganiza za mwana wanga wamkazi, kuti amayi ake adzamuuza kuti chiyani, poti ngakhale mtembo sukanapezeka.

Tinawongolera pamanja mpaka ku East London, awiri okha, ine dzanja litakulungidwa. Kumeneko ndi kumene tinaona chinanso chimene anachita. Ram inkafika kumapeto kwa ulendo wake quadrant isanagunde ma rudder stop, zoimitsa tsigiro kuti lisapitirire malire, ndiye kuti funde lililonse lomenya tsigiro linkathera pa ram ndi pa masikuluwu anayi aja. Ngakhale pa quadrant pamene anaboola panali patayamba mng'alu. Mwini boti atamuimbira foni, munthuyo anati ife ndi amene tinalakwa poyendetsa autopilot nyanja itakwiya. Ndalama sanabweze, pepani sananene, ndipo ndinamva kuti adakagwirabe maboti a anthu. Munthu wotere ndi wakupha, ine sindibisa. Akudya ndalama pa miyoyo ya anthu, ndipo amene amalowa mu lazarette usiku si iye, si bwana, ndi ife.

Ndiye mverani. Ram yaing'ono yomwe imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 300, zokulirapo zimayandikira 500, ndipo imakankha uku ndi uku maulendo osawerengeka. Phazi lake likhale pa bulaketi yomatidwa ndi faiba ku thupi la boti kapena ku chinthu chimene chimanyamula boti, mabawuti odutsa, chitsulo kuseri. Ram ikhale ndi tiller arm yakeyake, kamkono kachitsulo komangirira pa rudder stock, mtengo wa tsigiro, kuti zingwe za chiwongolero zikaduka autopilot ikhale chiwongolero chanu chachiwiri, ndipo kutalika kwa arm kukhale kumene buku la ram yanuyo lanena, osati kwa m'mutu mwa mmisiri. Tembenuzani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri inu muli m'katimo ndi tochi, muone ndi maso anu kuti stop yagunda ram idakali ndi malo otsala. Posankha kukula kwa ram musawerengere kulemera kwa boti lopanda kanthu, onjezerani 20 peresenti ya madzi, dizilo ndi katundu. Kampasi ya autopilot italikirane ndi injini, masipika ndi mawaya akuluakulu mita imodzi kapena kuposa, ndipo musakasunge zitini ndi mapoto pafupi nayo mukamaliza. Mawaya a moto akhale onenepa, ma 12 volts akatsika panjira ram imafooka nthawi imene mukuifunitsitsa. Rudder reference, kachipangizo kouza autopilot kumene tsigiro laloza, muike, kenako kazungulireni ndi boti pang'onopang'ono pamadzi abata kuti kampasi ikhazikike. Pini yolumikizira ram ikhale yosolola ndi dzanja limodzi mumdima.

Ine ndimati musakhulupirire mmisiri aliyense wapadoko, ntchito imeneyi igwireni ndi manja anu, ndinu amene mukagone m'botimo. Koma bulaketi musamate nokha ngati faiba simunaizolowere, pezani munthu wa ku boatyard amene amamanga maboti, mumulipire bwino, musanyinyirike mtengo, inu mukhale pambali pake mpaka amalize. Nyanja ikalusa zimitsani, mugwire nokha chiwongolero. Ngakhale kunena zoona, mukakhala awiri kapena atatu mausiku atatu osagona, chimene chimakupulumutsani ndi autopilot yomweyo, ndipo ine lero sindingavomere ntchito yokapereka boti ku Cape ngati lilibe autopilot. Ikani ndithu, musachite mantha ndi nkhani yangayi.

Ndipo mukaona cholakwika yankhulani, achimwene, ngakhale akutcheni wotsuka deck. Uzani mwini boti pamaso pa mmisiriyo. Jambulani m'kati mwa lazarette, quadrant ionekere pamodzi ndi rudder stock ndi ma stop onse awiri, muponye muno ndione ngati pali malo a tiller arm pamwamba kapena pansi pa quadrant.