Kwa mayi wa sabola wa kambuzi: tetezani dzina kaye, za patent zibwere pambuyo

Sabata yatha ndinalandira imelo imene yandikhala pamtima mpaka lero. Analemba ndi mayi wina wa ku Lilongwe amene amapanga sabola wa kambuzi wa m'mabotolo. Akuti wina wayamba kugulitsa sabola wa dzina lofanana ndi lawo, lebulo yake mtundu womwewo. Amuna awo nawonso anawotcherera kamakina kogayira sabolayo, ndipo anthu akumabwera kudzakajambula pafoni. Funso lawo linali lakuti: "Satifiketi ya bizinesi tili nayo. Kodi tipite ku COSOMA tikatenge copyright, kapena tifune patent?"

Mayi, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndidzere kaye kwa azakhali anga, chifukwa kalata yanuyi yanditokosa pachilonda.

Ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama ya chiponde. Bambo atamwalira ananditenga ndi azakhali ku Ndirande, ndipo pakhomo pawo pankanunkhira mtedza wokazinga kuyambira m'bandakucha. Mtedza ankaoda kwa anthu ochokera ku Mchinji. Ine ndikaweruka kusukulu ntchito yanga inali kusankha, kuchotsa wofumbwa, wonyala ndi wachuku. Azakhali sankalola ngakhale njere imodzi yachuku kulowa m'chiwaya. Ndikayamba kuthamangitsa ntchito kuti ndikasewere mpira, ankangondiyang'ana n'kunena kuti, "Amene akadye chipondechi ndi mwana wa munthu." Akakazinga tinkafikisa ndi manja, kupeta m'lichero, kenako kuchigayo. Kamchere pang'ono basi, mafuta ayi, shuga ayi. Botolo lililonse ankalipukuta pakamwa ndi kansalu koyera asanalitseke. Pa lebulo yachikasu analembapo dzina la mayi awo, agogo anga, amene anawaphunzitsa kusinja chiponde mumtondo ali kamtsikana.

Dzinalo linayenda. Magolosale a ku Ndirande, ku Chilomoni mpaka ku Bangwe anayamba kuitanitsa. Ogula anasiya kunena kuti "mundipatse chiponde," ankangotchula dzina la agogo ndipo wogulitsa ankadziwa botolo loti atsitse.

Panali mnyamata amene ankaperekera katunduyo panjinga. Anasiya ntchito mwamtendere, azakhali anamupatsa ndi kangachepe kotsanzikira. Patangopita miyezi, m'mashelefu munayamba kupezeka mabotolo a lebulo yachikasu, dzina lomwelo atangosinthapo chilembo chimodzi, mtengo wotsikirapo. Magolosale onse ankawadziwa, si ndiye ankaperekera? Eni magolosale ena ankaganiza kuti akadali wa azakhali. Chiponde chake chinali cha mtedza wosasankha, chowawa pakhosi. Koma madandaulo sankapita kwa iye. Ndikukumbuka mayi wina wa kumvano atabwera ndi botolo lotsegula kale, n'kulikhazika pakhonde, amvekere, "Mayi, mwayamba liti kutidyetsa zoterezi?" Azakhali anatenga supuni, analawa, anakhala duu. Kenako analowa m'nyumba n'kukatenga ndalama, kubweza mtengo wa botolo limene sanapange iwo.

Pakhoma la pabalaza panali satifiketi ya bizinesi, ili mu fulemu, ngati yanuyo. Anaitsitsa n'kupita nayo kwa bambo wina wa kumpingo kwathu wodziwa malamulo, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti pepalalo liwamenyera nkhondo. Bamboyo anawauza mosapita m'mbali kuti pepalalo likungosonyeza kuti boma likudziwa za bizinesi yawo. Silikunena kuti dzina la pa botolo ndi lawo okha. Anati njira yosumira ilipo ngakhale dzina silinalembetsedwe, koma zonse muyenera kutsimikizira khoti nokha: kuti dzinalo linatchuka chifukwa cha inu, kuti ogula akusokonezeka, ndiponso kuti mwaluza. Pamenepo pakufunika loya, mboni ndi nthawi. Ndalama imene ikanalipira loyayo inali fizi yanga. Azakhali anasankha fizi. Anasintha dzina, kusindikizitsa malebulo atsopano, n'kuyambanso kuyenda golosale ndi golosale kufotokoza kuti ndi iwo omwe aja. Magolosale ena sanabwererenso. Dzina la mayi awo linatsala m'manja mwa munthu amene sanawaonepo n'komwe.

Chimene chimandiwawa mpaka pano si mnyamatayo yekha ayi. Ndi malangizo amene ankabwera pakhomo paja. "Zisiyeni, Mulungu ndiye amagawa." "Msika ndi wa tonse." "Nayenso akufuna adye." Ine zimenezi ndimazikana, ndipo ndizikanabe. Chiponde aliyense apange, sabola aliyense apange, palibe mwini wake wa kambuzi. Mpikisano ndi wabwino, ukatsitsa mtengo timapindula ndife ogula. Koma kutenga dzina limene mnzako walisamalira zaka ndi zaka, n'kumagulitsira zako ngati zake, kumeneko ndi kuba. Wakuba nkhuku timamukuwiza mudzi wonse, koma wakuba dzina timati ndi dolo, ndi wochenjera pa bizinesi. Ndipo amene amabedwa kwambiri ndi amayi ngati inu, oyamba ndi kampamba kochepa ka ku banki m'khonde, chifukwa wakubayo amadziwa kuti simungamufikitse kukhoti. Makampani akuluakulu sawayerekeza, amadziwa kuti kalata ya loya ifika sabata isanathe.

Mtima womwewu ndi umene unasaukitsa oimba athu. Munthu wagona mu situdiyo, walipira wojambula, nyimbo yatuluka m'mawa, pofika masana ili kale m'mamemori khadi pamsika, mwini wake osaonapo ndi tambala yomwe. Telala wakhala usiku kuganizira kasokedwe ka diresi, waika chithunzi pa Facebook, mawa lake chithunzi chomwecho chili pa tsamba la wina amene akuti anasoka ndi iye. Tinazolowera mpaka tinasiya kuona kuti n'kulakwa. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, inakhazikitsidwa mu 1992 chifukwa cha mavuto a mtundu umenewu, ndipo lamulo limene imagwiritsa ntchito pano ndi la mu 2016. Ntchito yake yaikulu ndi kutolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso la ena, monga mawayilesi ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni luso.

N'chifukwa chake ndikuti khomo la COSOMA si limene lithetse vuto lanu lalikulu. Copyright imateteza zolemba, nyimbo, zithunzi, mafilimu ndi mapulogalamu a pakompyuta. Siidikira kulembetsa, imayamba yokha ntchitoyo ikangopangidwa, ndipo kuno kwathu imakhalapo moyo wonse wa mwini wake kuwonjezapo zaka 50 atamwalira. Chojambula cha pa lebulo yanu chili m'gulu limeneli, ndiye ngati wakubayo anachikopera momwe chilili, pamenepo muli ndi pogwira. Koma copyright siiteteza dzina, ndipo siiteteza kapangidwe ka sabola. Mutalemba kaphikidwe kanu m'buku, munthu sangaloledwe kukopera mawu anuwo, koma kuphika motsatira zimene mwalembazo palibe angamuletse. Kasakanizidwe ka sabola wanu chitetezo chake ndi pakamwa panu. Coca-Cola yasunga chinsinsi chake zaka zoposa 100 popanda patent, pongosamala kuti asadziwe ambiri. Antchito anu azigaya, azithira m'mabotolo, koma muyeso wa zokometsera muzisakaniza nokha.

Za kamakina ka bambo

Apa ndilankhula mosabisa, ngakhale bambo akhoza kukhumudwa. Mawu akuti patent amatikopa kwambiri, amamveka ngati digiri. Koma patent imaperekedwa pa chinthu chatsopano kwenikweni, osati chatsopano ku Area 25 kokha, ndiponso chimene katswiri wa ntchitoyo sakanangochiganiza mosavuta. Taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene ali mnyamata anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Luso lake dziko lonse linaligwadira, ndipo mpake. Komabe makina amphepo analipo kale, iye anawaona m'buku la ku laibulale. Luso lalikulu ndi chinthu chatsopano pamaso pa lamulo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Makina ogayira alipo ambirimbiri. Pokhapokha ngati bambo anapeza njira imene sinaonekepo, mwina kapangidwe ka mipeni kapena njira yoti sabola asamatsamwitse wogaya, ndalama ya patent ingakhale yotaya.

Ngati akukhulupirira kuti chatsopanocho chilipo, aletse lero lomwe anthu ojambulawo. Chinthu chikaonetsedwa poyera musanapereke fomu, kaya pa TikTok kaya pa chionetsero cha zamalonda ku Chichiri, chikhoza kutaya utsopano wake, ndipo ndi inu eni amene mwauwononga. Dziwaninso kuti patent ndi msinthano: mumaulula zonse za mmene chinthucho chimagwirira ntchito, boma n'kukupatsani nthawi yoti muchipange nokha, imene m'mayiko ambiri ndi zaka 20, uku mukulipira chaka ndi chaka kuti isafe. Ikatha nthawiyo chimakhala cha aliyense.

Pamenepa pali mwayi umene amisiri athu sauona, ndipo zimandidandaulitsa. Popeza aliyense wopempha patent amaulula zonse, pa intaneti pali nkhokwe zaulere monga Google Patents, Espacenet ndi PATENTSCOPE ya WIPO, bungwe la padziko lonse loona za ma patent ndi umwini wa luso, mmene muli zojambula za makina osendera mtedza, oumitsira zipatso, opopera madzi, chilichonse. Ambiri nthawi yawo inatha kalekale. Komanso patent imagwira ntchito m'dziko limene inalembetsedwa lokha, ndiye imene sinafike ku Malawi, mwachindunji kapena kudzera ku ARIPO ku Harare, bungwe lolembetsa ma patent ndi mayina a malonda m'malo mwa mayiko angapo a mu Africa, siikumangani mukamapanga ndi kugulitsa konkuno. Owotcherera athu a ku Mchesi ndi ku Ndirande atadziwa kufufuza mmenemo, bwenzi tikuitanitsa makina ochepa kuchokera kunja. Bambo ayambire pomwepo, aone ngati chawocho mulibe kale.

Tsono chimene mukufuna inu ndi trademark, ndiko kulembetsa dzina ndi chizindikiro cha pa botolo. Ofesi yake ndi komwe kuja munalembetsa bizinesi, koma kaundula wake ndi wina, ndipo lamulo lake ndi la mu 2018. Pemphani kaye afufuze ngati wina sanalembetse kale dzinalo, ndipo musachedwe, chifukwa wakubayo akakuyambirirani nkhani idzavuta kawiri. Katundu amagawidwa m'magulu 45, sabola wothira pa ndiwo ali mu gulu 30. Fomu ikavomerezedwa amalengeza kuti wotsutsa atsutse, pakapanda vuto mumalandira satifiketi ya zaka 10, yotheka kuwonjezera. Kachizindikiro ka ®, kosonyeza kuti dzina linalembetsedwa, musakaike satifiketiyo isanatuluke. Ngati dzina lanu ndi longofotokoza katundu, monga "Kambuzi" kapena "Sabola Wokoma," akhoza kulikana, chifukwa mawu amenewo ndi a aliyense wogulitsa sabola. Taonani Nali, dzina lochokera kwa amene anayambitsa kampaniyo, a Nalilo Khoromana: silinena za tsabola n'komwe, n'chifukwa chake ndi lolimba.

Pamene mukudikira, sonkhanitsani malisiti akale, ma invoice a kosindikiza malebulo ndi zithunzi zosonyeza tsiku limene munayamba. Gulani botolo limodzi la wakubayo, musunge pamodzi ndi lisiti lake. Mukhozanso kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, chifukwa kusocheretsa ogula ndi nkhani yawo. Amene anakujambulirani lebulo asaine kapepala konena kuti umwini wa chojambulacho waupereka kwa inu. Ngati mumatumiza sabola ku Joni, satifiketi ya kuno siigwira kumeneko, ndipo South Africa siili mu ARIPO, mumalembetsa padera ku ofesi yawo yotchedwa CIPC. Ku Zambia ofesi yake ndi PACRA.

Ndipo pa fomupo palembedwe dzina lanu kapena la kampani yanu, osati la mlamu amene mwamutuma kukapereka mapepala chifukwa choti amadziwa njira za m'maofesi.