Alamu, musagule kaye batire

Alamu, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pompano kuti enanso amve nawo. Mwati galimoto yanu ya Toyota Vitz ija amakaniko aika sitata ina dzulo, mutapotokola kiyi inangoti "tha" kamodzi, kenako zonse zii. Dashibodi siyikuyaka, hutala siyikulira, ngakhale kagetsi ka m'kati. Ndiye akukuuzani kuti batire latha, mwinanso kompyuta ya galimoto yapsa. Aaa ayi alamu, ndalama isatuluke kaye.

Onani, sitata ikakhala yoipa, injini yokha ndiyo siizungulira, koma magetsi ena onse amayakabe. Zikathima zonse chonchi ndiye kuti moto sukuchoka n'komwe pabatire. Ndipo galimotoyo dzana imayaka bwinobwino, eti? Vuto lili pomwe manja anagwira dzulo.

Tsegulani boneti, mupite pamitu ya batire. Munthu asanamasule sitata amayenera kuchotsa kaye waya wa negative, wa chizindikiro chochotsera uja. Ambiri pobwezera amangoukhazika osamanga. Ugwireni ndi dzanja muupotokole. Ukazungulira, wakubayo mwamugwira. Zija mwanena zoti inalira "tha" kenako n'kuthima, nthawi zambiri zimakhala zimenezi, chifukwa sitata imakoka moto wambiri zedi, ndiye pamene pangokhudzana pang'ono pamapsa nthawi yomweyo, njira n'kuduka. Chotsani mitu yonse iwiri, kuyambira wa negative, mupale zoyerayera zija ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mubwezere wa positive koyamba, negative pomaliza, mumange ndi sipanala ya 10. Mphete ndi wotchi muvule kaye, chonde.

Mukatero, tsatirani waya wa negative uja ndi maso. Umakathera pabodi, ndipo pamakhalanso wina wa earth, wobwezera moto kubatire, wopita painjini kapena pa giyabokosi. Apa mumvetse kusiyana kwake. Wa painjini ukaiwalika, magetsi amayaka koma sitata imakana kapena imazungulira mwaulesi. Wa pabodi ukamasuka, zonse zimafa. Njira yoyesera ndi yosavuta: tengani jampa imodzi yokha, waya wolumikizira mabatire a galimoto ziwiri uja, mbali ina pa negative ya batire, inayo pabawuti yoyera ya pabodi. Dashibodi ikayaka, ndiye ndi earth basi.

Ngati pali wina ali ndi mita yoyezera magetsi pafupi, muyeze batire pamitovu yake yeniyeniyo, osati pazomangira. Lodzadza limaonetsa ma volt 12.6, likatsika pansi pa 12 ndiye kuti laphwa, koma ngakhale lophwalo limayatsako kagetsi ka m'kati mozimirira. Ngati mtovu ukuonetsa 12 ndi kanthu koma pachomangira palibe, batire lilibe mlandu.

Tsopano nkhani ya fyuzi yaikulu. Mubokosi lakuda la mafyuzi pafupi ndi batire muli zina zazikulu zokhala ndi kawindo pamwamba, pa Toyota ina imalembedwa ALT. Musuzumire pakawindopo, kachitsulo ka m'kati kakaduka kamaoneka. Imeneyi imapsa ngati batire analumikiza motembenuza, kapena majampa anasemphanitsa, kapena sipanala inagunda waya wa alternator, chotchajira batire chija, batire lisanachotsedwe. Muwafunse amakanikowo bwinobwino, mwaulemu, ngati panathetheka moto pogwira ntchito. Mwina sangavomere msanga, koma muyang'ane pasitata ndi pozungulira ngati pali chipsera chakuda. Ndipo fyuzi imeneyo musaikoke ndi pulayala, pa ma Toyota ambiri imamangidwa ndi mabawuti chapansi, muthyola bokosi lonse. Pogula ina, nambala ikhale yomweyo yalembedwa pamwambapo.

Chimene ndikukaniza kwamtuwagalu ndi chija amakonda ena, chomanga nthambo ya kopa pamalo pa fyuzi kuti "tingoyesa". Ngati shoti ikadalipo, chomwe chipse ndi mawaya a galimoto yonse, mwinanso galimoto imene. Zokankhanso iwalani, yanuyo ndi otomatiki, simungailize pokankha.

Eya, china ndisanaiwale. Amakanikowo aonenso pasitata penipenipo. Waya wonenepa wochokera kubatire ukhale pabawuti yake, nati yomangika, kachipewa ka labala kabwerere, usakhudze chitsulo chilichonse. Magalimoto ena pabawuti imeneyo pamakumana mawaya awiri, wina ukatsala ukulendewera mbali ina ya galimoto imakhala yopanda moto. Mukagwira waya wonenepawo n'kumva kutentha, kapena mukamva fungo la pulasitiki yopsa, chotsani negative nthawi yomweyo musayesenso.

Amene anaika sitatayo abwere adzaone yekha ntchito yake, musalipirenso kawiri. Zikakanika pamenepo ndiye muitane wa magetsi a galimoto weniweni, wobwera ndi mita, osati wongolawa ndi waya. Jambulani mitu ya batire ndi m'bokosi la mafyuzimo munditumizire, foni ndili nayo pafupi. Achemwali muwapatse moni.