Kwa achimwene a ku Joni ofuna kudzala chamba m'chidebe

Achimwene, mwati mukukhala ku Johannesburg, muli ndi kabwalo kakang'ono kuseri kwa nyumba, m'thumba mulibe zambiri, ndipo mukufuna kudzala tsinde limodzi la chamba m'chidebe ngakhale simunalimepo. Zimatheka ndithu, ndipo ndalama zochepa muli nazozo muziike pa dothi. Zina zonse ndi kudziwa nthawi yodzala komanso kuugwira mtima pothirira.

Tiyambe ndi lamulo, chifukwa pagulu pano pali ena amene akuwerenga ali kumudzi. Ku South Africa, mu Seputembala 2018 khoti la Constitutional Court linagamula kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kugwiritsa ntchito chamba pamalo pake, chikakhala cha iye mwini, ndipo mu Meyi 2024 Purezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ukadali mlandu, kupatsa mwana ndi mlandu, kudutsa nacho pa malire a Beitbridge ndi mlandu waukulu. Ku Malawi nkhani ndi ina: lamulo la 2020 limalola okhawo amene ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority, ndipo tsinde limodzi lopanda chilolezo likhoza kukulowetsani m'chitokosi. Choncho malangizowa ndi a inu muli ku Joniko. Ngati bwalolo mumagwiritsa ntchito ndi alendi anzanu, kapena pamasewera ana, yambani mwalankhula ndi eni nyumba, chifukwa ikafika Malichi fungo lake silibisika, ndipo malo a anthu ambiri n'kovuta kuwatcha anuanu.

Chidebe musagule. Chija chimatsala akamaliza kupenta nyumba, cha malita 20, n'chokwanira. Chitsukeni bwino ndi sopo mpaka penti yense achoke. Boolani pansi mabowo 10 kapena 12, aakulu ngati pensulo, ndi ena anayi m'mbali chakumunsi kwenikweni. Chikhazikeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka momasuka. Chidebe choyera ndiye chabwino. Chakuda chikakhala pa simenti dzuwa la Disembala chimatentha mpaka mizu ya m'mphepete kupsa, mbewu n'kumafota masana ngakhale dothi lili lonyowa. Ngati muli ndi chakuda chokha, chikulungeni ndi thumba loyera la ufa. Miyala m'kati mwa chidebe, pansi pa dothi, musaike. Ambiri amaganiza kuti imathandiza madzi kutuluka, koma imangodya malo a mizu.

Dothi lofiira la pabwalo lokha silingakuthandizeni. M'chidebe limagwirana, madzi sadutsa, mizu imasowa mpweya. Pa malita 20 sakanizani chonchi: malita 10 a dothi la m'matumba lodzalira maluwa, malita 5 a kompositi kapena manyowa a ng'ombe owolerana bwino, ndi malita 5 a perlite (timiyala toyera topepuka tomasula dothi), kapena mchenga wokhakhala wa kumtsinje ngati perlite wakwera mtengo. Mchenga wosalala wopakira pulasitala ayi, umatseka dothi m'malo molimasula. Manyowa owolerana amadziwika: ndi akuda, ofumbutuka, sanunkha khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande m'masiku awiri. Phulusa musathire mopitirira kadzanja kamodzi, chifukwa chamba chimakonda dothi la pH (muyeso wa asidi wa m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7, ndipo phulusa lambiri limaikweza, masamba n'kuyamba chikasu pomwe chakudya m'dothimo chilimo. Mukasakaniza, nyowetsani pang'ono, finyani m'manja: lizigwirana, koma mukaligunda ndi chala lizimwazika.

Tsopano za nthawi, pomwe oyamba ambiri amaphonya. Chamba cha mtundu wamba sichiyamba maluwa chifukwa cha msinkhu, chimadikira kuti usiku utalike. Ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Johannesburg, masana amatalika kwambiri mu Disembala, pafupifupi maola 14, kenako amayamba kufupika, ndipo maluwa amayamba cha mu Febuluwale kapena Malichi kaya munadzala liti. Mukadzala mu Seputembala, mbewu imakhala ndi miyezi isanu yongokula, ndipo chidebe cha malita 20 chimachepa: mizu imadzaza, madzi amatha tsiku lisanathe, tsinde limaposa mpanda. Kwa inu, dzalani kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Mudzakhala ndi mbewu ya msinkhu woti mungaisamale.

Mtundu wa njere nawo uli ndi gawo lake. Chamba cha kwathu chija amachitcha Malawi Gold chinazolowera dera lofunda la kufupi ndi equator. Chimatalika kwambiri ndipo maluwa ake amatenga miyezi itatu kapena kupitirira kuti akhwime. Ku Highveld, dera lokwera lomwe kuli Johannesburg, chisanu chimayamba kugwa cha mu Meyi, ndiye chambacho chikhoza kupsa chisanakhwime. Mitundu yozolowera kumeneko, monga Durban Poison, imafulumira. Pali mitundu ina yotchedwa autoflower imene simayang'ana kutalika kwa usiku ndipo imatha m'miyezi itatu, koma imafuna dzanja lodziwa: ikadodoma pang'ono ili yaing'ono, ilibe nthawi yochira.

Njere zabwino ndi zolimba, zotuwa kapena zamawangamawanga. Zoyera ndi zobiriwira n'zosakhwima. Ngati njere zanu ndi zopatsidwa ndi anzanu, meretsani zinayi, chifukwa pafupifupi theka zimatuluka zazimuna, pomwe yokolola ndi yaikazi, ndipo mukadzala imodzi yokha mukhoza kusamala mbewu miyezi itatu pachabe. Ikani njerezo pakati pa tishu wonyowa, osati wodontha, m'mbale yovundikira, pamalo ofunda. Pakadutsa masiku awiri mpaka asanu kamuzu koyera kamatuluka. Kakafika theka la sentimita, dzalani njere iliyonse m'kapu yakeyake yoboola pansi, kamuzu kaloze pansi, kuya kwa sentimita imodzi. Musayambire m'chidebe chachikulu: dothi lambiri limasunga madzi ambiri kuposa amene kambande kangamwe, ndipo tsinde limawola pa khosi n'kugwa. Masiku oyamba kapatseni dzuwa la m'mawa, kenako muzikawonjezera. Mukaona kakutalika mowonda ngati ulusi, kuwala kwachepa.

Pakatha milungu itatu kapena inayi, mbande ikakhala ndi mfundo zinayi za masamba ndipo mizu yayamba kuonekera pansi pa kapu, iwokereni. Chitani madzulo, dothi la m'kapu lili lonyowa pang'ono kuti lituluke lonse pamodzi ndi mizu. Poti simunadziwe kuti yaikazi ndi iti, zinazo zisungeni m'zigubu za malita 5 zodula pamwamba, kapena pezani chidebe chachiwiri. Chidebe chimodzi, mbewu imodzi.

Malo ake akhale opeza dzuwa lachindunji maola osachepera 6. Kumeneko dzuwa limadzera chakumpoto, ndiye khoma loyang'ana kumpoto ndilo labwino. Koma usiku pakhale mdima weniweni. Getsi la chitetezo la pakhonde kapena la mumsewu likamawalira mbewu usiku wonse, imaona ngati masana sanafupike: imachedwa kuchita maluwa, kapena imasokonezeka n'kutulutsa maluwa aamuna pa tsinde lalikazi. Tulukani usiku mukaime pamalopo musanasankhe.

Kuthirira ndiko kumapha mbewu zambiri za oyamba, ndipo chimapha ndi madzi ochuluka. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Ngati muli chinyezi, dikirani. Njira ina yosanama ndi kunyamula chidebe: chizolowereni kulemera kwake mutangothirira, ndipo muzithiriranso chikapepuka. Mukamathirira, thirani pang'onopang'ono mpaka madzi ayambe kutuluka pansi, osati kakapu tsiku lililonse kongonyowetsa pamwamba. Mbewu yaikulu mu Januwale ikhoza kumwa malita atatu kapena anayi patsiku, pomwe mbande ya m'kapu theka la kapu limaikwanira masiku awiri. Chovuta n'chakuti mbewu yomwa kwambiri ndi yaludzu zonse zimagwetsa masamba. Yaludzu masamba ake amakhala ofewa, olendewera, chidebe chopepuka, ndipo mukaithirira imadzuka pasanathe ola. Yomwa kwambiri masamba amakhala olimba, opindikira pansi, chidebe cholemera; imeneyo isiyeni iume. Thirirani m'mawa.

Pa chakudya, milungu itatu yoyamba mutawokera musathire kalikonse, kompositi uja akwanira. Pambuyo pake, njira yotchipa ndi madzi a manyowa: fosholo imodzi ya manyowa owolerana m'ndowa ya malita 10, asiyeni masiku atatu, sefani, sungunulani mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, muzithira kamodzi pa milungu iwiri. Mukagula feteleza wamadzi, thirani theka la mlingo wolembedwa pa botolo. Urea ndi CAN amene tinazolowera pa chimanga asiyeni. M'chidebe mulibe kothawira mchere, ndipo supuni imodzi yowonjeza imawotcha mizu. Masamba a m'munsi akayamba chikasu mbewu ikadali kukula, nayitrojeni wachepa. Masamba akada kwambiri, nsonga zake n'kupsa ndi kupindika, mwawonjeza. Thirani madzi okhaokha ambiri kuti mchere utsukike, ndipo musathirenso feteleza kwa milungu iwiri. Maluwa akayamba, chepetsani nayitrojeni, sinthani n'kuika feteleza wokhala ndi potaziyamu wambiri, wonga wa tomato. Kumapeto masamba aakulu amachita chikasu okha, zimenezo si matenda.

Mbewu ikafika mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, tsinani nsonga ya pamwamba ndi lumo loyera. M'malo mwa mutu umodzi wautali mumapeza nthambi ziwiri, mbewu n'kukhala yaifupi ndi yotambalala. Chitani kamodzi kapena kawiri, ndipo ikafika Febuluwale lekani. Zikani kandodo n'kumangirira tsinde momasuka, chifukwa mvula ya ku Gauteng imabwera ndi mphepo komanso matalala. Apa m'pomwe chidebe chimaposa kudzala pansi: mitambo ikada masana, chikokereni pakhonde.

Kuyambira mlungu wachisanu ndi chimodzi, ndipo makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, muziyang'ana pamene nthambi ikumana ndi tsinde. Yaikazi imatulutsa kakhokho kosongoka kokhala ndi timaubweya tiwiri toyera. Yaimuna imatulutsa timipira tozungulira topanda ubweya, tomwe pambuyo pake timaunjikana. Yaimuna izuleni timipirato tisanatseguke, chifukwa mungu wake ukauluka, yaikazi imaika mphamvu zonse pa njere. Ngakhale yaikazi muziionabe, poti njere zochokera m'chamba chosadziwika nthawi zina zimabala mbewu yokhala ndi maluwa a mitundu yonse iwiri.

Tizilombo tiyang'aneni kunsi kwa masamba kawiri pa mlungu. Akangaude ofiira amabwera kukatentha ndi kuuma; chizindikiro ndi timadontho toyera pamwamba pa tsamba, kenako ukonde wopyapyala. Nsabwe za zomera ndi ntchentche zoyera zimasiya masamba onata. Zonsezi, zikadali zochepa, zimagonja ndi supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi mu lita imodzi ya madzi, kapena mafuta a nimu, kupopera madzulo kunsi kwa masamba masiku asanu aliwonse katatu. Mukapopera masana masamba amapsa. Mankhwala a tomato kapena a thonje musayerekeze n'komwe, ndipo maluwa akayamba kuumbika lekani kupopera nimu ndi sopo yemwe, chifukwa zimatsalira m'mitu ya maluwayo. Nthawi imeneyo mdani ndi mbozi, zimene zimaboola mutu n'kubisala mkati. Mukaona timabi takuda kapena katsamba kouma pakati pa mutu wobiriwira, tsegulani, muipeza. Zitoleni ndi manja. Pamene mbozi yaboola ndi pamene chuku chimayambira, makamaka mvula ikagwa masiku otsatizana mu Malichi ndi Epulo. Mutu wowola umakhala wotuwa ndi wofewa mkati. Dulani pansi pa powolapo n'kutaya kutali, ndipo musaugwiritse ntchito m'njira iliyonse. Mvula ikatha gwedezani nthambi kuti madzi agwe, ndipo chotsani masamba ena a mkati kuti mphepo izidutsa.

Kukolola kumagwa cha mu Epulo kapena Meyi. Musathamangire. Dikirani kuti timaubweya tambiri, atatu mwa anayi aliwonse, tisanduke tofiirira n'kupindikira mkati. Ndi galasi lokulitsa lotchipa mukhoza kuona timadontho ta utomoni: tikakhala toonekera ngati madzi sichinakhwime, tikachita mbuu ngati mkaka nthawi yakwana. Akalengeza za chisanu chamba chanu chisanakhwime, lowetsani chidebe m'nyumba usiku pamalo amdima, m'mawa n'kuchitulutsa.

Dulani nthambi, chotsani masamba aakulu, pachikani chozondotsa m'chipinda chamdima chodutsa mphepo, osati padzuwa. Pakatha masiku 7 mpaka 14, kanthambi kakang'ono kakamathyoka m'malo mopindika, zauma. Ikani m'botolo lagalasi, osadzaza, muzitsegula mphindi zingapo tsiku lililonse kwa milungu iwiri; mukamva kafungo ka chinyontho, tulutsani ziumenso. Botololo lilembeni ndi kulitsekera pamene ana sangafike. Ndipo ngati kubanja kwanu kuli amene anadwalapo matenda a maganizo, kambiranani ndi dokotala musanachigwiritse ntchito, chifukwa kwa anthu otere chamba chimatha kuutsa matendawo.