Kwa achimwene a ku Lizulu amene akufuna kusonkhanitsa ana akaweruka kusukulu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ana a kwanu ku Lizulu akaweruka amangothera pamsika, ena ku video show, anyamata okulirapo kumalo obetchera mpira, ndipo inu ndi anzanu atatu mukufuna kuyambitsa gulu loti liziwasonkhanitsa masana. Mwafunsa poyambira, komanso bungwe limene lingakupatseni ndalama. Ambiri muno akuyankhani za mabungwe. Ine ndikhazikika pa poyambirapo, chifukwa ntchito imeneyi ndaigwira zaka 7 kuno kwathu cha ku Bembeke, ndipo chimene chinatsala pang'ono kutithetsa sikunali kusowa kwa ndalama ayi.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Tinayamba amayi awiri ndi mnyamata mmodzi amene anali atangolemba MSCE. Malo athu anali pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa tchalitchi, katundu wathu anali mpira wachikulunga, chingwe chodumpha ndi mabuku 9 a nthano amene ndinatolera kwa aphunzitsi anzanga. Tsiku loyamba kunabwera ana 14.

Chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti ana amayesa munthu. Mwana akabwera Lachiwiri n'kupeza palibe aliyense, amabweranso Lachinayi kudzaona. Akapezanso palibe, basi, simudzamuonanso, ndipo akauza anzake kuti zija zinatha. Kumbukirani amene mukulimbana nawo. Wa video show salephera kutsegula. Msika wa Lizulu sujomba, mabasi a pa M1 amaima tsiku lililonse. Mwana amapita kumene akudziwa kuti akapezako munthu. Ndiye musanaganize za mipira, mayunifolomu kapena dzina la gulu, khalani pansi anayi inu muuzane zoona: ndi masiku ati amene mungakwanitse ngakhale kugwe mvula, ngakhale wina adwale, ngakhale ikhale nthawi yopalira? Ngati ndi awiri pa sabata, akhale awiri omwewo. Ife timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 2:30 mpaka 4:30, komanso Loweruka m'mawa. Timatseka pokhapokha maliro akagwa m'mudzi mwathu momwemo, ndipo pamenepo ana amadziwa okha, palibe wowauza.

Mukagwirizana masiku, pitani kwa a nyakwawa musanaitane mwana ngakhale mmodzi. Izi sindikutalikitsa, mukuzidziwa kale. Malo atapereke amfumu pamaso pa anthu salandidwa wamba. Koma msonkhano wa kwa mfumu sukwanira. Amene angakupatseni ana kapena kukumanani ndi amayi awo, makamaka pa atsikana.

Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera osadziwa. Mukaponya mpira pabwalo, anyamata amadzaza okha. Pakatha mwezi mumaona kuti muli ndi anyamata 40, atsikana 6, n'kumati atsikana a kuno alibe chidwi. Chidwi ali nacho. Kungoti mtsikana akaweruka pali madzi oti atunge, nkhuni, mwana woti abereke, ndiwo zoti aphike, ndipo kwanuko palinso beseni la mbatatesi, tomato kapena kabichi loti akathamange nalo pazenera la basi. Mayi ake sakumuzunza, akudalira manja amenewo kuti pakhomo padyedwe. Mukapita kukawalalikira za ufulu wa ana, akuyankhani mwaulemu, mwana n'kusabwera. Ife tinayenda khomo ndi khomo, limodzi ndi amayi a mother group a pasukulu, kufunsa funso limodzi: ndi maola ati amene mungatibwereke mwanayu? Mayankho awo ndiwo anakonza ndondomeko yathu. Tsiku la msika sitikumana. Timaweruka 4:30 kuti mtsikana akafike kukadali kowala n'kukathandiza kuphika, makamaka mu June ndi July pamene kuno kumada msanga ndipo chisanu chimayamba dzuwa lisanalowe. Tinalolanso kuti wobwera ndi mwana kumbuyo abwere naye, mmodzi wa ife amalera. Tinapachika zigoli za netball tisanakonze za mpira wamiyendo, mwadala.

Musawaphatikize onse pamodzi. Wa zaka 16 sangakhale pamphasa imodzi ndi wa zaka 7 n'kumaimba nyimbo zomwezo, abwera kamodzi n'kuthawa. Ife tinawagawa patatu: aang'ono mpaka zaka 10, apakati mpaka 14, ndi akuluakulu. Akuluakuluwo musawachite ngati ana, apatseni udindo. Wina asunge kaundula wa mayina a ana obwera, wina akhale woimbira mpira wa aang'ono, wina awawerengere nthano. Mnyamata wina amene aphunzitsi tonse tinkamuti ndi wovuta, titamupatsa makiyi a bokosi la mabuku sanajombenso, ndipo buku silinasoweko ngakhale limodzi.

Anyamata a zaka 15 kupita m'tsogolo ndi nkhani inanso. Ameneyo waona kale ndalama ya kabaza ndi ya kunyamula matumba, ndipo mpira wokha sumugwira. Amafuna chinthu chooneka. Ife amfumu anatipatsa kadimba, tinabzala mbatatesi ndi mpiru, ndalama yoyamba tinagula mpira weniweni wachikopa ndi pampu, ndipo anakagula okha. Tinapemphanso bambo wina wokonza njinga ndi mayi wina wosoka kuti Loweruka aziphunzitsa ola limodzi. Sikuti atuluka amisiri, koma amene wagwirapo sipanala savutika kumvetsa mukamamuuza za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA.

Za zochita, chonde lisakhale sukulu yachiwiri. Mwana wakhala m'kalasi ya ana oposa 100 kuyambira m'mawa, ena pansi, ndiye masana mumuikenso pamzere? Theka la ola la homuweki ndi kuwerenga mokweza n'lokwanira, ndipo limathandiza kwambiri a sitandade 8 amene akudikira mayeso a PSLCE. Nthawi yotsalayo asewere, aimbe, achite zisudzo, phada, fulaye, bawo. Inu muli kwa Angoni a kwa Gomani, musasowe mkulu woti awaphunzitse ngoma ndi mayimbidwe ake. Itanani agogo adzakambe nthano. Ife chaka china tinasonkha ndalama ya galimoto n'kupita nawo ku Chongoni kukaona zojambula za pamiyala. Malo amenewo UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, muli malo 127 a zojambula, koma mwa ana athu obadwira m'boma lomwelo la Dedza panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapitako. Anakamba za ulendowo teremu yonse. Ku Mua kulinso KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso la zosemasema ndi zojambula amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo mwana wokonda kusema kapena kujambula akakaona kumeneko amabwerako wina.

Njala musaiiwale. Mu January ndi February ana ena amabwera osalawa kanthu kuyambira dzulo, mumawaona akukhala pambali mpira uli mkati. Ife timapempha kholo lililonse mbale imodzi ya chimanga nthawi yokolola, ena amawonjezera soya kapena mtedza, timasunga n'kumaphika phala miyezi iwiri imeneyo yokha.

Tsopano za ndalama zimene mwafunsa. M'chaka chathu chachitatu linabwera bungwe lina, sinditchula dzina, ndi pulojekiti. Anatipatsa majezi, mipira, ankatiitana kumaphunziro ku boma, ndipo wodzipereka aliyense ankalandira kangachepe pamwezi. Anthu ake anali abwino, ndipo zina zimene anatiphunzitsa tikuzigwiritsabe ntchito. Koma onani zimene zinachitika pakati pathu. Odzipereka tinachoka pa atatu kufika 11. Pulojekiti itatha patapita miyezi 18, tinatsala awiri. Ana anali atazolowera mabisiketi, ena anasiya. Choipitsitsa, makolo amene kale ankabweretsa chimanga mosanyinyirika anayamba kunena kuti aphunzitsi aja akudya ndalama m'dzina la ana athu. Zinanditengera chaka chathunthu kuti anthu andikhulupirirenso, ndipo mpaka lero zimandipweteka ndikazikumbuka. Walira mvula walira matope. Sindikuti mukane thandizo. Ndikuti likupezeni muli kale pantchito, mulandire katundu kuposa ma alawansi, ndipo chilichonse chimene chalowa, ngakhale mpira umodzi, chilengezedwe pamsonkhano wa makolo amfumu alipo. Msungichuma akhale kholo, osati mmodzi wa inu anayi.

Pali china chimene ndikufuna muchimvetse kuposa zonse. Musatseke pa holide yaikulu. Zaka ziwiri zoyambirira ife tinkatseka limodzi ndi sukulu, tinkati nafenso tipume. Tinali ndi mtsikana wa zaka 15, wa sitandade 7, woponya zigoli wathu wa netball, mwana wosekaseka amene ankafika woyamba nthawi zonse. Tinatseka kumapeto kwa July. Titatsegula mu September sanabwere. Nditapita kwawo, mayi ake anangoyang'ana pansi. Anali atakwatiwa kutsidya, ku Mozambique. Masabata ochepa okha, palibe wamkulu wina wa kunja kwa banja amene ankamuona, palibe amene anafunsa kuti lero ali kuti. Anzake ankadziwa zonse, koma analibe woti amuuze chifukwa ife tinali titatseka. Lamulo lilipo: la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Kuno ku Dedza tinaona Mfumu Theresa Kachindamoto ikuthetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu. Koma mwana akangowoloka malire, kumubweza n'kovuta zedi, ndipo kwanu ku Lizulu malirewo ndi msewu chabe. Tinayesa, sitinathe. Kuyambira chaka chimenecho, pa holide ndi pamene timakumana kwambiri, masiku anayi pa sabata, ndipo mwana akajomba katatu motsatizana mmodzi wa ife amapita kwawo. N'chifukwa chake kaundula ndimamutenga ngati chida chachikulu kuposa mpira. Holide yomweyo ndi nthawinso ya chinamwali ndi dambwe m'midzi yambiri. Musalimbane ndi anamkungwi kapena eni mzinda, kambiranani nawo za masiku kudzera kwa amfumu kuti ana atuluke sukulu isanatsegulidwe. Ndipo mtsikana amene wabereka musamutsekere kunja. Boma linalola kuyambira mu 1993 kuti otere azibwerera kusukulu, ndipo awiri mwa athu anayambira kubwera kugulu ndi ana kumbuyo asanalimbe mtima kulowanso m'kalasi.

Izi zikundifikitsa pa nkhani imene anthu safuna kuikamba. Malo osonkhana ana amakopanso anthu a maganizo oipa. Ikani malamulo tsiku loyamba, ndipo akhudze inu nomwe. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana pamalo obisika. Tsiku lililonse pakhale akuluakulu awiri. Ngati anayi inu nonse ndinu amuna, musayambe mpaka mutapeza mayi wodalirika, chifukwa pali zimene mtsikana sangauze bambo, ndipo makolo sangakupatseni ana awo aakazi. Mwana asatumidwe kunyumba kwa wodzipereka kukagwira ntchito. Kukwapula ayi. Ana akakuzolowerani ayamba kukuuzani zinthu zolemera, za amalume, za bambo owapeza, za aphunzitsi ena. Musazithetse nokha ndiponso musazikwirire pabwalo la m'mudzi. Lamulo loteteza ana la 2010 lilipo, wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu mumudziwe nkhope, ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Ife ana onse anailoweza pamtima ngati nyimbo.

Zolembetsa n'zosavuta. Pitani ku boma la Ntcheu ku ofesi ya achinyamata, iwo amalemba makalabu a achinyamata, ndiponso ku ofesi ya social welfare, chifukwa zimene mukufuna kuchitazi boma limazitcha children's corner ndipo zimayang'aniridwa kumeneko. Ndikanakhala inu ndikanakawadziwitsa tsopano, n'kudzabwereranso patapita miyezi 6 ndi kaundula m'manja woonetsa mayina, zaka ndi masiku amene ana abwera. Munthu wobwera ndi kope lodzaza amamvedwa mosiyana ndi wobwera ndi maganizo okha, ndipo mabungwe akafuna gulu logwira nalo ntchito amafunsa m'maofesi omwewo.

Sabata ino kumanani anayi inu, sankhani masiku anu awiri, kenako kwa a nyakwawa. Ngati mungafune kudzaona mmene timachitira, mundilembere ku inbox tigwirizane Loweruka lina m'mawa, Bembeke si kutali ndi kwanu. Mubwere ndi mayi amene mudzagwire naye ntchitoyo, ndipo muvale juzi, kuno m'mawa kumazizira.